Mphunzitsi wa Mwana Wathu: Mawu a Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere kwa Akhristu a ku Lirangwe ndi Chileka



Ife a Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere takonza mawu awa kuti awerengedwe m'matchalitchi ndi m'miphakati ya dera lino la Lirangwe, kuyambira ku Lunzu mpaka ku Mdeka, ndiponso kwa abale athu a ku Chileka. Nkhani yathu ndi ya aphunzitsi. Mwina ena afunsa kuti kodi nkhani ya aphunzitsi ikulowa bwanji m'kalata yonena za kayendetsedwe ka dziko. Ife tikuti wantchito wa boma amene munthu wa kumudzi amakumana naye tsiku ndi tsiku ndi mphunzitsi. Nduna imangodutsa pa galimoto mu msewu wa M1. Phungu timamuona pamaliro ndi pa nthawi ya kampeni. Koma mphunzitsi ndiye amene timamusiyira mwana m'mawa uliwonse, kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mwayi ukakhalapo, kwa zaka zinanso zinayi. Mmene dziko limamlembera ntchito munthu ameneyu, mmene limamlipirira, kumene limamtumiza ndi amene amamuyang'anira, ndimo mmene timaonera ngati dziko likuyendetsedwa mwachilungamo kapena ayi.

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso, pamsika wa Lirangwe, m'minibasi ndi panja pa tchalitchi pamamveka mawu amodzimodzi. Anthu amati aphunzitsi a sukulu za mishoni ndi a sukulu zapulaiveti ndiwo amagwira ntchito, a boma amangodikira malipiro. Ena amapitirira n'kunena kuti boma lingopereka sukulu zonse m'manja mwa mipingo ndi anthu a bizinesi, ilo lizingolipira. Mawu amenewa amatikomera m'makutu ife a Eklezia chifukwa amatitamanda. N'chifukwa chake tiyenera kuwapenda mosamala kwambiri, popeza munthu safulumira kufufuza nkhani imene ikumuyamikira.

Kumene tidachokera

Sukulu m'dziko muno zidayamba ndi mipingo. Amishoni a ku Scotland adakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndipo kulikonse kumene kudamangidwa tchalitchi kudamangidwanso sukulu. Boma la atsamunda lidayamba kupereka thandizo la ndalama ku sukulu za mishoni mu 1907, ndipo lidali la mapaundi 1,000 okha kugawana mishoni zonse. Nthambi ya boma yoona za maphunziro idadzakhazikitsidwa mu 1926. Sukulu ya sekondale ya Blantyre idatsekulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942. Choncho mgwirizano woti mpingo ukhale mwini sukulu ndipo boma lizithandiza ndi ndalama si wachilendo kwa ife. Uli ndi zaka zoposa 100. Mpaka lero sukulu zambiri za pulaimale zili pa malo a mipingo ndipo zimatchedwa ndi maina a oyera mtima, koma aphunzitsi ake amalembedwa, kutumizidwa ndi kulipidwa ndi boma. Chimodzimodzinso sukulu za sekondale monga St. Patrick's ku Mzedi, Stella Maris, Providence ku Mulanje ndi HHI ya abale athu a CCAP: mwini wake ndi mpingo, koma aphunzitsi ambiri ndi a boma. Dongosolo lotere mumalidziwa kale pa nkhani ya zaumoyo, pakuti ndi mmene zimayendera zipatala za CHAM monga Mlambe ku Lunzu.

Mu kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992, imene idagwedeza dziko lino, maepiskopi athu sadalankhule za ufulu wa ndale wokha. Adadandaulanso za kudzazana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusowa kwa zipangizo zophunzirira. Patapita zaka ziwiri, mu 1994, boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulaimale. Ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino ndipo sitidzaleka kuchiyamikira. Koma walira mvula walira matope. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo osaphunzira uphunzitsi, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe asadawapatse choko. Ndondomeko ya MIITEP, yomwe idayamba mu 1997, idali yoti iwaphunzitse ali pantchito kale. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE, amene makolo athu ankangowatchula kuti ma DEC, adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera zotchedwa CDSS. Dzina lidasintha, koma nyumba zidali zomwezo, ndipo aphunzitsi ambiri adali a pulaimale amene adangokwezedwa kalasi popanda kuwonjezera maphunziro kapena malipiro. M'zaka zomwezo sukulu zapulaiveti zidaphuka ngati bowa, zina zabwino, zina m'nyumba zimene kale zidali magolosale ndi malo omwera mowa.

Mwana wa ku Lirangwe akakhoza mayeso a Sitandade 8, njira zake ndi zimenezi. Ochepa kwambiri amasankhidwira ku sukulu zikuluzikulu za dziko lonse, zina mwa izo za mishoni. Ena ochepa amapita ku sukulu za boma zogonera konko monga Lunzu. Ambiri mwa osankhidwa amapita ku CDSS. Otsala, makolo akakhala ndi kangachepe, amapita ku pulaiveti kapena ku sukulu ya masana imene timaitcha Open. Makolo akakhala opanda kanthu, mwanayo timamuona akukankha njinga ya makala kupita ku Lunzu, kapena ali pabanja asadakhwime.

Zimene anzathu akunja adayesa

Maganizo oti boma lizilipira koma sukulu aziyendetsa ena adayesedwa kale m'maiko ena, ndipo n'kwabwino kuti tidziwe zimene zidatuluka. Ku America kuli sukulu zotchedwa charter. Lamulo loyamba lolola sukulu zotere lidakhazikitsidwa m'chigawo cha Minnesota mu 1991, ndipo sukulu yoyamba idatsekulidwa mu 1992 mu mzinda wa St. Paul. Ndi sukulu zaulere, zolipiridwa ndi misonkho, koma zoyendetsedwa ndi mabungwe kapena makampani pa mgwirizano wa zaka zowerengeka; zikalephera, mgwirizano umatha ndipo sukulu imatsekedwa. Mwini sukulu amasankha yekha aphunzitsi ndipo amatha kuwachotsa mosavuta. Aphunzitsi ake ambiri ndi achinyamata, ambiri sali m'mabungwe omenyera ufulu wa apantchito, ndipo amasiya ntchito kawirikawiri kuposa anzawo a sukulu za boma. Akatswiri a pa yunivesite ya Stanford atafufuza mu 2009 adapeza kuti sukulu za charter zimene zinkachita moipa kuposa za boma zidali zambiri kuposa zimene zinkachita bwino. Atafufuzanso mu 2023 adapeza kuti, kuphatikiza zonse, zidali zitapitirira za boma pang'ono. Kusinthaku kudadza mwa zina chifukwa sukulu zolephera zinkatsekedwa ndithu, ndiye kuti padali wina woyang'anira amene sankaopa nkhope.

Chitsanzo choyandikira kwathu ndi cha ku Liberia. Mu 2016 boma la kumeneko lidapereka sukulu za pulaimale 93 m'manja mwa mabungwe asanu ndi atatu. Ofufuza adapeza kuti ana adaphunzira bwinoko ndipo aphunzitsi ankapezeka m'kalasi kuposa kale. Koma adapezanso kuti sukuluzo zidapatsidwa ndalama zoonjezera ndi aphunzitsi ambiri kuposa zinzake, kuti kampani ina idachotsa aphunzitsi ochuluka amene idawapeza, ndi kuti idachepetsa ana m'makalasi pobweza ena kunyumba. Aphunzitsi okanidwawo ndi ana obwezedwawo sadasowe m'dziko. Adakathera m'sukulu za boma zoyandikana nazo kapena pakhomo. Munthu akasesa pabwalo pake n'kukankhira zinyalala kwa mnansi, mudzi sudayere.

Tiyerekeze mwachilungamo

Tibwerere kwathu kuno. Kodi n'zoona kuti mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ndi munthu wa mtundu wina kusiyana ndi wa boma? Onse a pulaimale amachokera m'makoleji amodzimodzi: wina ku Blantyre TTC, wina ku koleji ya DAPP ku Chilangoma kuno kwathu, ambiri atadutsa m'ndondomeko ya IPTE imene idayamba mu 2005. A sekondale amachokera ku Domasi, ku Nalikule, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Mzuzu, ku Yunivesite ya Katolika ku Nguludi ndi kwina. Mphunzitsi yemweyo amene chaka chatha adali pa sukulu ya boma, chaka chino kalata imodzi yokha ingamusamutsire ku sukulu ya mishoni, malipiro ake osasintha ngakhale tambala. Ngati ntchito yake yasintha, chasintha ndi malo amene waikidwa.

Choyamba chimene tiyenera kuvomereza n'chakuti ana sayambira pamzere umodzi. Sukulu zikuluzikulu za mishoni ndi za boma zimalandira ana amene adakhoza koposa onse pa mayeso a Sitandade 8. CDSS imalandira otsatira. Mwana wa sukulu yogonera konko amadya katatu, amawerenga usiku pa magetsi, ndipo belu ndilo limamudzutsa. Mwana wa CDSS amadzuka tambala woyamba, amatunga madzi, amayenda mtunda wautali m'dzuwa la kuno limene mukulidziwa, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale amafika m'kalasi m'mimba muli zii. Mtsinje wa Lirangwe kapena wa Lunzu ukadzaza, tsiku limenelo sukulu palibe. Ngati mphunzitsi watenga mwana wotereyu, popanda labotale, buku limodzi ana khumi, n'kumufikitsa poti wapeza satifiketi ya MSCE, ndani angaime n'kunena kuti wagwira ntchito yochepa kuposa mnzake amene adalandira ana osankhidwa kale? Mndandanda wa sukulu zokhoza bwino umene timawerenga m'nyuzipepala umatiuza kumene ana adathera. Sutiuza kumene adayambira.

Chachiwiri, m'sukulu zambiri za CDSS muli aphunzitsi amene adaphunzitsidwa kuphunzitsa ku pulaimale, koma akuphunzitsa masamu, sayansi ndi Chingerezi ku Fomu 4. Sadadzitumize okha. Boma ndilo limagawa aphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri amene ali ndi madigiri ndi madipuloma akhala akuunjikidwa m'tauni ndi m'sukulu zikuluzikulu. Ife tili pamtunda wa ola limodzi kuchoka ku Blantyre, ndipo kuyandikira kumeneku kumatipweteka m'njira yake. Mphunzitsi akatumizidwa kuno n'kupeza kuti nyumba palibe, kapena ilipo koma denga lake ndi losefa mvula, amachita lendi ku Lunzu kapena ku Chileka n'kumayendera. Ndalama za minibasi zikatha pakati pa mwezi, amayamba kujomba. Posakhalitsa amapeza chifukwa chopemphera kusamukira m'tauni, ndipo amene ali ndi wachibale ku ofesi amayankhidwa msanga. Ndalama yolimbikitsa aphunzitsi a kumidzi, imene idayamba mu 2010 pa K5,000 pamwezi, idali ganizo labwino, koma kukwera kwa mitengo kwakhala kukuidya. Muyezo wa boma ndi woti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Pitani mukawerenge nokha ana a Sitandade 1 ndi 2 pa sukulu ya m'mudzi mwanu. M'mera mpoyamba, koma makalasi oyambirirawo ndiwo amene amadzaza koposa. Zonsezi zikuchitika pamene achinyamata ambiri amene adamaliza maphunziro a uphunzitsi akhala akudikira zaka kuti alembedwe ntchito, ena n'kumagwira ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa ndi mgwirizano wa miyezi yowerengeka.

Komabe sitikufuna kubisa chimene chili choona m'mawu a anthu aja. Pa sukulu yabwino ya mishoni pamakhala mwini. Pamakhala munthu amene amadziwa kuti belu lalira nthawi yanji, ndani sadalowe m'kalasi, ndani sadachonge makope a ana, ndipo amafunsa tsiku lomwelo. Mphunzitsi amakhala pa malo a sukulu, amapemphera ndi ana ake, amadziwika ndi makolo. Pa sukulu zambiri za boma mwini saoneka. Mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu zolemba kapena kuchotsa munthu. Mlangizi wa zoni, amene timamutcha PEA, ali ndi sukulu zambiri ndi njinga yamoto yosowa mafuta. Mlandu wa mphunzitsi umayenda kuchoka pa sukulu kupita ku boma, kuchoka ku boma kupita ku Lilongwe, n'kutenga zaka. Apa ndiye pagona kusiyana kwenikweni, ndipo n'kusiyana kwa kayendetsedwe ka zinthu. Sipafunika kugulitsa sukulu kuti ikhale ndi mwini. Mwini wa sukulu ya boma ndi inu amene mudaumba njerwa zake ndipo mumalipira msonkho pa sopo, shuga ndi mayunitsi a foni.

Mphunzitsi wa sukulu yapulaiveti

Za mphunzitsi ameneyu anthu salankhula kawirikawiri, chifukwa timangoona kuti amafika m'mamawa ndipo amaweruka mochedwa. Tifunse chimene chimamufikitsa m'mamawa. Kwa ena ndi chikondi cha ntchito, ndipo pali eni sukulu amene amalemekeza antchito awo, amenewa tikuwathokoza. Koma kwa ambiri, makamaka m'sukulu zing'onozing'ono za m'misika ya m'mbali mwa msewu, ndi mantha. Alibe kalata ya ntchito. Malipiro amabwera ana akalipira fizi, ndipo pa tchuthi sabwera. Akadwala sabata imodzi amapeza wina ali pa bolodi pake. Mayi akatenga pathupi ntchito yatha. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphunzitsi a boma adapitiriza kulandira malipiro, pamene ambiri a pulaiveti adakhala miyezi popanda kalikonse. Mantha angathe kumufikitsa munthu pantchito nthawi yabwino, koma sangamusunge. N'chifukwa chake mwana wa Fomu 1 pa sukulu zotere amatha kusintha aphunzitsi a masamu katatu asadafike Fomu 4, ndipo boma likangolengeza kuti likulemba aphunzitsi, sukulu imatsala yopanda anthu pakati pa teremu.

Malamulo a dziko lino sali chete pa zimenezi. Ndime 25 ya Malamulo Aakulu imalola sukulu zomwe si za boma, koma pa mfundo ziwiri: zilembetsedwe ku boma, ndipo maphunziro ake asatsike kuposa a sukulu za boma. Lamulo la za ntchito la 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka kwa wantchito chikalata chofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, ndipo limaletsa kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka ndi popanda kumumva. Lamulo la penshoni, limene lidayamba mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati bwana aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni. Lamulo la maphunziro la 2013 lidakhazikitsa khonsolo ya aphunzitsi yoti izilembetsa aphunzitsi onse, a boma ndi a pulaiveti omwe. Mphunzitsi wolakwiridwa ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya za ntchito ndi ku bwalo la milandu ya za ntchito ku Blantyre. Inu makolo, pokalembetsa mwana musamangofunsa fizi ndi mtundu wa yunifolomu. Funsani kuona chikalata cha boma chololeza sukuluyo, funsani ngati ili ndi nambala ya malo olembera mayeso a MANEB, funsani kuti aphunzitsi ake adaphunzira kuti ndipo akhalapo zaka zingati. Mwini sukulu woona mtima sakwiya ndi mafunso otere.

Mawu kwa eni sukulu za Eklezia

Zimene tikupempha kwa ena tiyenera kuzipempha poyamba m'nyumba mwathu. Kuyambira pa kalata ya Papa Leo XIII ya Rerum Novarum mu 1891 mpaka pa Laborem Exercens ya Papa Yohane Paulo II mu 1981, Eklezia waphunzitsa kuti malipiro oyenera ndi amene angasamale wantchito pamodzi ndi banja lake, ndi kuti antchito ali ndi ufulu wokhala m'mabungwe awo. Lamulo 1286 la malamulo a Eklezia limauza onse oyang'anira chuma cha Mpingo kuti atsate mosamala malamulo a dziko a za ntchito ndi kulipira antchito mwachilungamo. Buku la Deuteronomo mutu 24 ndi kalata ya Yakobo mutu 5 zimachenjeza mwamphamvu munthu wochedwetsa kapena kumana malipiro a wantchito. Tikupempha kuti miphakati iwerenge mitu imeneyi sabata ino. Choncho parishi, chipani cha asisitere kapena cha abulazala, kapena gulu la akhristu limene latsekula sukulu ya mkaka, ya pulaimale kapena ya sekondale, lisauze mphunzitsi kuti apirire malipiro ochepa chifukwa akugwira ntchito ya Mulungu. Kudzipereka munthu amakusankha yekha. Sakusankhiridwa ndi amene akusunga thumba. Pa sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma pamakhalanso aphunzitsi olembedwa ndi bodi, amene amaphunzitsa makalasi omwewo ndi anzawo a boma. Bodi iliyonse ionetsetse kuti anthu amenewa ali ndi makalata a ntchito ndi penshoni.

Tikupemphanso eni sukulu za Eklezia kuti aganizire za khomo lolowera. Amishoni adamanga sukulu kuti mwana wa mlimi aphunzire. Fizi ikakwera kufika poti mlimi wa nandolo ndi thonje wa kuno sangayerekeze n'komwe kugogoda, sukuluyo ingathe kukhala yoyamba pa mayeso koma itaiwala chimene idamangidwira. Ndipo sukulu ikamabweza ana ofooka asadalembe mayeso kuti dzina lake liwale m'nyuzipepala, ikuchita zomwe zija tanena za ku Liberia. Sukulu ya mishoni imene ili ndi labotale ingathe kutsekulira ana a CDSS yoyandikana nayo Loweruka. Aphunzitsi a sayansi a sukulu ziwirizo angathe kumakonzekera limodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mawu kwa aphunzitsi a boma

Aphunzitsi athu okondedwa, ambiri mwa inu muli m'tchalitchi muno. Ndinu amene mumatiwerengera Mawu a Mulungu, mumaphunzitsa kwaya ndi katekisimu, mumalemba maminitsi a khonsolo ya parishi, ndipo pa chisankho ndinu amene mumakhala usiku wonse kuwerenga mavoti. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, makalasi a sukulu zambiri m'chigawo chino adasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo aphunzitsi ndiwo adatsekula zitseko. Tikudziwa za malipiro amene amatha mwezi usadafike pakati, za ndalama za tchuthi zochedwa, za zaka zambiri pa giredi imodzi, za katapila amene amagwira khadi lanu la ku banki. Pamene bungwe lanu la TUM lipempha zoyenera mwamtendere, ife tili nanu.

Chifukwa cha ulemu umenewu tikulankhulani mosabisa. Chitetezo chimene muli nacho pantchito, chimene mnzanu wa pulaiveti alibe, chidaikidwa kuti wandale kapena mfumu asakuchotseni chifukwa chokana kumuvinira. Sichidaikidwe kuti munthu azifika Lachiwiri n'kuchoka Lachinayi. Mphunzitsi amene amasiya dala mitu ina m'kalasi kuti akaiphunzitse pa patitaimu yolipiritsa akugulitsa kawiri chinthu chimene boma lidamulipira kale. Amene amafika wotopa m'kalasi la m'mawa chifukwa mtima wake uli ku Open ya masana kapena ku pulaiveti ya pamsika akubera ana amene alibe pothawira. Kutuma ana kukatunga madzi kapena kukalima m'munda mwa mphunzitsi nthawi ya maphunziro kuyenera kutha. Ndipo pali tchimo limene sitingalitchule mopepuka: mphunzitsi wogona ndi mwana wa sukulu. Malamulo Aakulu atakonzedwa mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nkhani yotere si yokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsana mbuzi, ndipo si yothetsa ndi kalata yosamutsira wolakwayo ku sukulu ina kumene kulinso ana a anthu. Ndi mlandu wa kupolisi, kaya wachitika pa sukulu ya boma, ya pulaiveti kapena ya mishoni. Aphunzitsi abwino, amene ndinu ambiri, musaphimbe mnzanu wotere, pakuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Zimene tikupempha kwa olamulira ndi kwa inu nonse

Kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, sukulu za pulaimale zili m'manja mwa khonsolo, ndipo za sekondale za kuno zimayang'aniridwa ndi ofesi ya chigawo cha maphunziro cha kummwera chakumadzulo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo anthu tidazolowera kusafunsa. Tsopano makhansala alipo. Tikupempha khonsolo ya boma la Blantyre kuti izimata poyera, pa TDC iliyonse, chiwerengero cha ana ndi cha aphunzitsi pa sukulu iliyonse ya m'zoni, kuti aliyense aone kumene aphunzitsi aunjikana ndi kumene akusowa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho kufunsa zimenezi si chipongwe. Tikupempha kuti kusamutsa aphunzitsi kuzitsata zosowa za ana, ndipo mphunzitsi asamachotsedwe pa sukulu ya kumudzi wolowa m'malo mwake asadafike. Tikupempha phungu ndi makhansala kuti pa ndalama za chitukuko cha dera aike patsogolo nyumba za aphunzitsi, makamaka m'sukulu zakutali ndi msewu wa tala, monga za mbali ya msewu wa ku Chingale ndi za kufupi ndi Shire. Nyumba ya mphunzitsi siioneka bwino pa chithunzi cha kampeni ngati mlatho, koma ndiyo imene imasunga mphunzitsi pamudzi.

Boma lidalengeza kuti kuyambira mu Januwale 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu zake akhale aulere. Tikuyamikira, pakuti ana ambiri a kuno ankalekera panjira chifukwa cha fizi. Koma tidaona mu 1994 zimene zimachitika ana akachuluka aphunzitsi asadakonzedwe. Ndalama zimene makolo ankapereka pa CDSS ndizo zinkalipira mlonda, kugula choko ndi mapepala a mayeso, ndipo pena kulipira mphunzitsi wothandizira. Ngati ndalama ya boma yolowa m'malo mwake ichedwa kapena ichepa, mtolo udzagwera mphunzitsi wamkulu, ndipo kusiyana kwa CDSS ndi sukulu za anthu opeza bwino kudzakula. Tikupempha unduna kuti ndalamazi zizifika teremu isadayambe, kuti ulembe ntchito aphunzitsi ophunzitsidwa amene ali pakhomo, ndi kuti aphunzitsi a pulaimale amene akhala zaka akusenza ma CDSS apatsidwe mwayi woyamba wokawonjezera maphunziro ku Domasi ndi ku Nalikule.

Kwa inu akhristu, pempho lathu ndi ili. Pa sukulu iliyonse ya pulaimale pali komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi. Musasankhire m'makomiti amenewa munthu chifukwa ndi mlamu wa mfumu kapena chifukwa amavala nsalu ya chipani cholamula. Sankhani anthu amene ana awo ali pa sukulupo ndipo saopa kufunsa kuti ndalama ya boma yotukulira sukulu yabwera zingati ndipo yagula chiyani. Komiti ili ndi ufulu wodziwa ngati aphunzitsi akufika, ndipo ili ndi udindo wodziwa ngati mphunzitsi watsopano wapeza pogona ndi potunga madzi. Mphakati uliwonse utume anthu awiri, bambo ndi mayi, kukacheza ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyandikana nawo mwezi uno usadathe. Apite mwaulemu, atadziwitsa amfumu ndi wapampando wa komiti. Akafunse kuti pa sukulupo pali ana angati, aphunzitsi angati, nyumba za aphunzitsi zingati, ndi aphunzitsi angati achoka m'zaka ziwiri zapitazi. Kumene kuli sukulu yapulaiveti kapena ya Mpingo akafunsenso chimodzimodzi. Mayankhowo alembedwe ndi kuperekedwa kwa mlembi wa Chilungamo ndi Mtendere wa pa tchalitchi panu, kuti tikadzapita kukaonana ndi akuluakulu a maphunziro ndi makhansala tidzanyamule chiwerengero cha sukulu iliyonse ndi dzina lake.